Amene Anakankha Mwezi Ndine

Tazimitsa foniyo, iwe Chanda. Magetsi apita, wometa tsitsi wangokhala manja m'thumba, tonse tili pabenchi limodzi, ndiye undimvera kaya ukufuna kaya sukufuna. Chikhalire pano wakhala ukutiwerengera za kumwamba, ati dzuwa ndi nyenyezi, ati mwezi ulibe moto wake, ati dziko limazungulira, ati kuli dzenje lakuda lomeza nyenyezi, ndipo ine nditati zonsezo ndinaziona ndi maso angawa waseka mpaka usinini kuonekera, anzakowa nkumatsinana. Amene akuti Sakala ndi wabodza aimirire anene pamaso panga, asanong'onere m'khwapa mwa mnzake. Palibe? Ndiye khalani chete ndikuuzeni za tsiku la kadamsana, pamene ine ndinakankha mwezi ndi phazi ili, ulemu wake nkudya wina.

Ndinabwera mu Lusaka muno kuchokera ku Katete tsitsi lidakali lonse, nkulowa ntchito pafakitale ina yopanga zitseko ndi mafelemu a mawindo. Pageti pankakhala mtsikana wogulitsa mtedza wokazinga, dzina lake Esinala, yemwe lero mumamutcha amake Tiyanjane. Mtedzawo ankaukulunga m'mapepala a buku lina lopanda chikuto, limene azakhali ake anatola kumayadi komwe ankachapa zovala. Tsiku lina nditatha kudya ndinafunyulula pepala, nkupeza chithunzi cha dziko lathuli likulendewera pamdima popanda chingwe kapena mzati. Mawa lake ndinagulanso, mkucha wake ndinagulanso, ndinadya mtedza miyezi isanu ndi iwiri mpaka nkhope yonse ziphuphu, ndipo popeza iye ankangong'amba paliponse, ndinaphunzira za imfa ya nyenyezi ndisanamve za kubadwa kwake. Buku litatha ndinamukwatira. Masiku amenewo ankandimvera, ndikamajambula pansi ndi msomali kuti dzuwa lili apa, ife tili apa, iye ankagwira tsaya nkumafunsa kuti nanga bwanji sitikugwa.

Kenako dziko linapendekeka. Fakitale inagulitsidwa, eni atsopano anazula makina nkupita nawo, pageti nkumangapo tcheni, ife amuna a ndevu zathu nkutiuza kuti tikadzilembe tokha ntchito. Ine ndinatuluka ndi mashini amodzi owotcherera zitsulo, nkuwaika paseli pa nyumba kuno ku Kanyama, ndikumapanga mbaula ndi mageti. Ufa tinayamba kugula wa m'timapepala, wophika kamodzi. Mvula ya chaka chimenecho inasefukira m'zimbudzi, ndipo mwana wathu wachitatu, Limbikani, anatsegula m'mimba Lachiwiri, Lachinayi tinamuika. Kuyambira pamenepo Esinala anasiya kufunsa za nyenyezi, anayamba kupita kwa mneneri wina wa nsapato zoyera amene anamanga chitenti cha mapulasitiki pafupi ndi mijigo. Sindinamuletse. Munthu akalira salamulidwa polirira.

M'nyengo yozizira wailesi inayamba kunena kuti kukubwera kadamsana, dzuwa lidzada masana. Azungu anadzaza m'tauni ndi makamera, anyamata nkumagulitsa timagalasi tapepala m'misewu. Mneneri uja ananunkhiza nyama. Anauza anthu kuti dzuwa lidzamezedwa chifukwa cha machimo a Kanyama, ndipo silidzabwerera pokhapokha nyumba iliyonse itapereka chinthu chimene imakonda koposa Mulungu. Ine ndinatenga lalanje, ndimu ndi koloboyi, nkukhazika mkazi wanga pampasa. Ndinati taona, nyaliyi ndi dzuwa, lalanjeli ndi ife, ndimuyu ndi mwezi, ukadutsa pakati mthunzi wake umagwa pa ife, ukapitirira kuwala kumabwerera, palibe chomeza chinzake, ndipo kamweziko nkakang'ono, kamangotseka dzuwa chifukwa kali pafupi, monga chala chako chimabisira basi yonse ukachiika padiso.

"Ba Sakala," anatero Esinala, "buku yanu ija siinapoletse mwana."

Ndinadya lalanje lija ndekha.

Tsikulo litafika ndinalawirira kukafuna zitsulo zakutha, ndipo pobwera masana ndinapeza paseli pa nyumba pali mbee, pamene pankakhala mashini pangotsala chizindikiro cha mafuta, ndi mkukuluzi wa tayala la wilibala ukulowera kumijigo. Ndinautsata. Kuchitenti kuja kunali anthu ngati pamaliro a munthu wolemera, ndipo kutsogolo kunali mulu wa katundu, mawailesi, masofa, mbuzi, njinga, mashini osokera a mayi wina wamasiye, ndipo pakati pa zonsezo mashini anga, atawamangirira kansalu koyera ngati mkwatibwi. Anyamata a pakhomo ananditchinga ndi zifuwa. Mneneri anabwera akupewa fumbi ndi nsapato zake zija, nkundigwira paphewa.

"Mudala, vamene vapasiwa kwa Mulungu sivibwela. Gwadani chabe mupempele."

Ndinayang'ana Esinala, iye anayang'ana pansi. Mukumva? Mkazi amene ndinadyera mtedza miyezi isanu ndi iwiri anayang'ana pansi.

Pamenepo nkuti dzuwa litalumidwa kale mbali imodzi, kuwala kukuchita ngati tiyi wosungunula, ndipo ndinati m'mtima, ngati lalanje ndi ndimu zalephera ndikatenga umboni komweko. Ndinathamangira kunyumba, ndinagubuduza diramu lija ndinkasungiramo madzi, ndinathiramo thumba lonse la kabaidi, mwala uja timayatsira moto wa gasi, ndinathira ndowa ziwiri za madzi, ndinatseka ndi chitseko cha mbaula yaikulu nkukhala pamwamba pake, kumutu chigoba changa chowotcherera cha galasi lakuda, kumapazi magambutsi, m'khosi nditakoleka chubu cha thirakitala chopopa bwino chifukwa ndinkadziwa kuti kumwamba mpweya kulibe, ndipo diramu litayamba kulira ngati m'mimba mwa wodya nyemba zosapsa, ndinakoka fodya wanga kawiri nkuponya chotsalira kudzenje la pansi. Kulira kwake agalu a ku Chawama anasiya kuuwa sabata yathunthu, ndipo malata a nyumba zitatu anakapezeka ku komboni ya George, funsani akuluakulu a kumeneko, ena akufolera nawo mpaka lero.

Ndinakwera. Kanyama anachepa ngati mphasa, Matero ngati chikhatho, Lusaka yense ngati malovu a nkhuku, ndinapyola khwangwala wina amene anandiona nkuiwala kukupiza mapiko, ndinapyola ndege ya azungu ojambula kadamsana ndipo woyendetsa anandipatsa moni wa dzanja ine osayankha chifukwa ndinali nditakwiya, mitambo inandinyowetsa nkuuma pomwepo, dziko likundikoka miyendo ngati ng'ona, pakuti chimene chimakugwetsa mumtengo ndi chomwecho chimagwira mwezi kuti usathawe, koma ukamatalikira dzanja lake limafooka, ndipo buluu uja mumati thambo anatha ngati utoto wosakwana, pamwamba pake mdima bii, nyenyezi zili ngwee masana dzuwa likuswa mtengo. Siziphethira kumeneko. Kuphethira kuja ndi mpweya wathu womwewu umagwedezeka, ngati mmene msewu wa tala umavinira kukatentha.

Ndinafuna kutukwana mneneri ndili pamwamba pake, ndinatsegula pakamwa nkutchula mayina onse amene amayi anga anandiletsa, koma panalibe chomveka, chifukwa mawu amayenda pampweya ngati bwato pamadzi, ndipo kopanda mpweya ngakhale utaphulitsa bomba khutu silimva. Matukwanawo anangouma nkumayandama pambali panga, ndinawatola nkuika m'thumba kuti ndikagwiritse ntchito pobwera. Ndinayamwa chubu changa nkupitirira.

Kumwezi ndinafikira chagada. Usaseke, Chanda, iwe sunafikepo ngakhale ku Kafue. Mwezi ndi fumbi lokhalokha, lotuwa ngati phulusa la mbaula, maenje paliponse kuposa msewu wathu uwu, kulibe mtengo, kulibe madzi, kulibe ngakhale ntchentche, ndipo kuwala kuja mumaimbira nyimbo si kwake, ndi kobwereka kwa dzuwa, monga khoma la laimu limawalira galimoto ikaliunika. Mbali imene ndinagwera, yoyang'ana kuno, inali mumdima ndi kuzizira koti mamina anauma nkuthyoka, chifukwa dzuwa linali kuseri kwake. Thupi linapepuka, ine munthu wonyamula geti ndekha ndinkangodumpha ngati chiwala, phazi limodzi kuchokera pano mpaka kumsika. Nditatembenuka ndinaona dziko lathu lili lendee, lobulungira, la buluu ndi loyera, likutembenuka pang'onopang'ono ngati nkhuku yootcha, ndipo palibe mzere uliwonse wolembedwapo wosonyeza kuti apa ndi Zambia apa ndi Malawi. Pamenepo ndinaona kadontho kakuda kakuyenda kuchokera kumadzulo, kakulunjika pa Lusaka. Ndiwo mthunzi wa mwala umene ndinaimapo. Kadontho, mukumva? Kwina konse anthu ankayanika zovala, ku Kitwe kunali kowala, ndiye machimo a Kanyama okha ndiwo akanazimitsa dzuwa la dziko lonse?

Ndinadumpha kasanu kufika m'mphepete mwa mwezi, ndinatsitsa chigoba kumaso nkusuzumira kuseri. Ine ndapanga mbaula zaka makumi atatu, moto ndimaudziwa, koma uja ndinauvulira chipewa. Dzuwa linali lonse, losalumidwa ngakhale pang'ono, likubwata ngati chitsulo chosungunuka, malilime ake aatali oti dziko lathu lonse nkulowa pansi pake ngati mwana pansi pa tebulo, ndipo ndinafufuza makala sindinawaone, utsi kulibe, phulusa kulibe, wokupiza kulibe. Limayaka ndi kulemera kwake komwe. Ndi lalikulu moti limadzipanikiza lokha, za m'kati mwake zimafinyana mpaka kuwotcherana ziwiri kukhala chimodzi, ndipo pakuwotcheranapo mpamene pamatuluka moto. Ndi mmisiri mnzanga, kungoti iye magetsi samuthera. Ndipo lili kutali moti kuwala kwake, kumene kulibe chochipitirira liwiro, kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti kufike pamphumi pako, ndiye dzuwa limene umaliona ndi la kale pang'ono, ndipo nyenyezi zinazo, zomwe ndi madzuwa enanso, kuwala kwake kunanyamuka agogo a agogo ako asanabadwe, zina mwina zinafa kale ife tikuzilozabe.

Ndinaponyanso diso ku mlalang'amba, mzere woyera uja umadutsa kumwamba nyengo yozizira. Si utsi, ndi nyenyezi zothithikana kuposa nyumba za ku Chibolya, ndipo dzuwa lathu ndi kanyumba kamodzi kakumapeto. Pakati pake pali dzenje lakuda limene Chanda amatiwerengera lija, lokoka kwambiri moti cholowamo sichituluka, ngakhale kuwala kumene. Ndinaliyang'anitsitsa ndipo ndinalizindikira msanga, chifukwa ndinali nditangoliona masana omwewo kuchitenti kuja, litavala nsapato zoyera.

Nditabwezanso maso kwathu, kadontho kaja nkuti katakwirira Lusaka. Ndinatsinzina diso limodzi ndipo ndinaona zonse, nkhuku zikulowa m'makola, azungu akuwomba m'manja pabwalo, ndipo ku Kanyama anthu ali chafufumimba m'fumbi akulira, mneneri ataimirira pa mashini anga, pa mashini anga enieni, manja m'mwamba, akulamula dzuwa kuti libwere. Ndinaona Esinala atagwada, atafunda chitenje kumutu. Apo mpamene mkwiyo unandifika m'mano. Ndinati mkazi wanga sagwada mumdima chifukwa cha mwala.

Tsono kumwamba kulibe potsamira, koma pepala lina la mtedza linandiphunzitsa kuti ukakankha chinthu nachonso chimakukankha, monga ukadumpha kuchoka pawilibala iyo imathawira kumbuyo. Ndinayamwa mpweya wotsala m'chubu, ndinapinda bondo, ndinakumbuka tcheni cha pageti la fakitale, ndinakumbuka ufa wa m'timapepala, ndinakumbuka kabokosi ka Limbikani kamene ndinakhoma ndekha, ndipo ndinaumenya mwezi chidendene chimodzi mpaka unalira m'mafupa mwanga, iwo kupita uko ine kubwera kuno, ndipo mukauyang'ana ukakhala wathunthu pali chigamba chakuda chakumanzere, chimenecho ndi gambutsi yanga, nambala naini.

Pobwera dziko linandilandira ndi dzanja lake lija, kukoka, kukoka, liwiro likuwonjezeka, mpweya nkuyamba kundikhula mpaka ovolosi inayaka, ndevu zinapsa, anthu a ku Mtendere anaona nyenyezi yogwa masana ndipo mayi wina anatchula mwana wake dzina pomwepo, ine nkumawongola ndi chigoba changa ngati chiwongolero kuti ndisagwere kumayadi angandimange, mpaka ndinagwera m'chidzenje cha madzi chija amaswako miyala kuseri kwa Kanyama, madzi anawira, achule anapsa onse, ndipo amayi a kumeneko anachapa ndi madzi otentha masiku anayi.

Ndinatuluka ndikufuka nthunzi nkuthamangira kuchitenti. Dzuwa linali litabwerera, atambala akulira kachiwiri. Ndipo ndinapeza chiyani? Anthu atamunyamula mneneri pamapewa, akuvina, akumupukuta nsapato ndi zitenje zawo, ati walibweza dzuwa. Esinala anandithamangira misozi ili mbwembwembwe.

"Mwaona, ba Sakala? Labwela. Ba profeti balibweza."

Ndinakwera pa sofa la munthu nkuwauza zonse. Ndinavula gambutsi nkukhutula fumbi la kumwezi pamaso pawo, wina anati ndi simenti. Ndinawaonetsa ndevu zopsa, wina anati ndagwera pambaula ndi kachasu. Ndinapisa m'thumba kuti nditulutse matukwana aja, nkupeza asungunuka m'madzi. Ndinati mwezi umayenda wokha, mthunzi umadutsa wokha, zinalembedwa kale kuti kudzada mphindi zitatu, ngakhale azungu aja anakwera ndege akudziwa ola lake, kodi iwonso anapereka mbuzi? Anyamata a pakhomo anandinyamula miyendo ndi manja nkundiponya mumsewu, anthu akuseka. Munthu wochokera kumwezi, kuponyedwa m'ngalande ya ku Kanyama. Ndicho chifukwa chake mukamaseka magazi anga amawira, kuseka kumeneko ndinakumva kale.

Mwezi usanathe mneneri anabweretsa lole, anakweza katundu yense, chitenti anapinda, ndipo sanaonekenso. Ena amati ali ku Copperbelt, ena amati anawoloka malire. Mayi wamasiye uja anayamba kupempha m'misewu. Esinala anakhala masiku atatu osandiyang'ana kumaso, lachinayi anagwada pakhomo ine ndikumwa tiyi, nkunena kuti, "Nalakwa, atate ake Tiyanjane. Nizabweza." Ndinati ubweza ndi chiyani. Mawa lake anabwereka hamala nkupita kuchidzenje chija, anakhala pansi pamodzi ndi amayi oswa miyala, ndipo anaswa miyala zaka ziwiri, dzuwa ndi mvula, chifuwa chikulira fumbi, mpaka anandigulira mashini ena akale kwa mmwenye wina wa m'tauni, omwe ndikugwiritsa ntchito mpaka lero. Mukadzamugula tomato pamsika mudzayang'ane dzanja lake lamanja, zala ziwiri sizipindika.

Za mwezi ndalumbira ndipo ndilumbiranso, dulani khosi. Koma pali china chimene sindinauzepo munthu, ndipo sindikudziwa chifukwa chake chikutuluka lero, kapena ndi njala. Mashini aja anatenga mneneri anali akufa. Anapsa koilo miyezi itatu kadamsana asanafike, ndinawatsegula ndekha nkupeza m'kati muli makala okhaokha, ndipo ndinawatsekanso bwinobwino, ndikumawapukuta m'mawa uliwonse, ndikumauza mkazi wanga kuti magetsi ndi ofooka, maoda abwera mwezi wamawa, chifukwa mwamuna amene wachotsedwa ntchito nkuika mwana m'manda sanganenenso kuti chomaliza chimene anali nacho wachiotcha yekha polumikiza waya molakwika. Mneneri anaba chitsulo chakufa. Tsiku limene Esinala anagwada pakhomo, mawu anali pakamwa penipeni, ndinangoti ndimeze kaye tiyi. Tsiku loyamba kupita ndi hamala ndinati ndimuuza madzulo. Madzulo anabwera ndi matuza m'manja, ndinati ndimuuza akapola.

Iwe Chanda, amayi ako amagulitsa naye benchi limodzi, ndipo ndaona mmene maso ako akuyendera. Kamuuze ngati ukufuna. Ndidzakana pamaso pake, ndidzati ndi bodza lina la Sakala la pometetsa tsitsi, ndipo adzakhulupirira ine, chifukwa amandidziwa kuti ndine wabodza.